Masokosi Oyera a Bambo Elia

Ku Joni kuno ukangonena kuti kwanu ndi ku Malawi, anthu amayesa kuti unabadwira m'bwato. Bambo Elia sanawatsutsepo. Kwawo ndi ku Ntcheu, kumapiri kolima kachewere kuja, ndipo madzi akuya amene analowamo chibadwire ndi a m'beseni. Koma mu 2009 atakafunsa ganyu pa wekishopu ina ku Midrand, mzungu mwini malo atamva dzina la dziko anangoti munthu wa kunyanja wafika, mpatseni ovolosi. A Elia anali ndi njala. Anavala ovolosiyo, pakamwa n'kutseka.

Pamalopo amapanga maboti a aluminiyamu, a injini kumbuyo, mumzinda wopanda nyanja. Ogula ake ndi anthu osowa chochita Loweruka, amene amakoka boti ndi galimoto kukavutitsa nsomba kudamu. A Elia anayamba ndi tsache, kenako girayinda, kusalaza mmene anzawo awotcherera. Ankafika kunyumba akunyezimira fumbi la chitsulo, mpaka akazi awo a Consolata, amene amachapa ndi kusita m'nyumba za kumipanda, ankati anakwatiwa ndi poto watsopano. Nthawi yopuma masana iwo ankatola zidutswa zotayidwa n'kumaphunzira kuwotcherera. Aluminiyamu ndi wamwano. Safiira kuti akuchenjeze ngati chitsulo wamba, umangozindikira bowo lakuyang'ana. Anaboola zambiri bambowa, koma dzanja linafika pokhazikika.

Mu 2014 wowotcherera wamkulu anasiya ntchito, ndipo kapitawo, mayi wina wosaseka wamba dzina lake Fikile, anawapatsa a Elia boti lathunthu. Analipanga ndithu. Kutsogolo pansi pake posongoka ngati chidale cha nkhuku kuti lizing'amba mafunde, kumbuyo kophwatalala pang'ono kuti likathamanga lizikwera pamwamba pa madzi, m'mbali nthiti zazitali zokankhira madzi kutali. Msoko wapakati anauwotcherera modumphadumpha, apa pang'ono, uko pang'ono, kuti chitsulo chisapindike ndi kutentha.

Vuto linali mwambo wa pamalopo. Amene wawotcherera boti ndiye amayamba kulikwera, nsapato atavula, atakhala pansi penipeni pa chitsulo, masokosi okha kumapazi. Pobwera, bwana, mzungu uja, amagwira masokosiwo ali pamtunda. Akauma, ntchito ndi yako. Akanyowa, bwerera ku girayinda.

Zaka zonsezi a Elia anali asanapondeko kudamu. Tsiku loyesa boti likafika, azakhali awo ankamwalira, ndipo anamwalira kangapo mayi amenewo. Amene anazindikira zimenezi ndi Wandile, wopenta maboti, chimunthu cha mapewa ngati chitseko, mdzukulu wa mtchona wa ku Dedza amene anabwera kumigodi osabwereranso. Chichewa chake chinali moni ndi zotukwana basi, koma zonyoza ankazipeza.

"Madala, masokosi anuwo anyowa, koma osati ndi madzi a m'damu," anatero pamaso pa onse. "Akabwera ouma, ine ndikuberekani kumsana."

A Elia anaganizapo zowaphanso azakhali aja. A Consolata anakana. Anapita m'tauni, nagula masokosi oyera mbee kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, nawasita ngati a bwana. Anati ngati amuna awo akumira, amire aukhondo, ndipo iwo apita nawo kukaonerera.

Linali Loweruka la mu Ogasiti, mphepo ili kuwomba ya fumbi ija. Damu la Vaal a Elia ankaliyesa chithaphwi chokulirapo. Atatsika galimoto anapeza tsidya lina likuoneka mwa chisisira, madzi ali tuwaa, mafunde akuchita thovu. Anawakweza m'boti likadali pangolo yake, nalitsitsira m'madzi chobwerera. Jekete yoyandamitsa anaimanga mpaka kukhosi, moti kumeza malovu kunali kopempha.

Fikile analiza injini. Poyamba boti linadzutsa mphuno m'mwamba, likuyenda mopepesuka ngati woledzera, ndipo a Elia anatsinzina n'kuyamba kupepesa kwa azakhali awo, amene ali moyo mpaka lero. Kenako mayi uja anaonjezera moto. Mphuno inatsika, boti linakwera pamwamba pa madzi n'kuyamba kuuluka, mafunde akumenya pansi, phwa, phwa, phwa. Kumenya konseko kunkafika kumapazi kwawo. Pemphero linawathera, ndipo m'malo mwake anapezeka akutchula misoko yawo mumtima: uwu ndinauwotcherera mvula ikugwa, uwu ndinaubwereza, uwu sungandichititse manyazi. Anagwedeza zala zakuphazi. Zouma.

Anatsegula diso limodzi. Madzi ankathawira kumbali ngati nsalu yoyanikidwa pamphepo, nthiti zija zikuwakankha, osalola ngakhale dontho kulowa. Fikile anakhota mwamphamvu, boti linapendekera mkati n'kugwira madzi osaterereka. A Elia anatsegula diso linalo.

"Baba Elia, ndinadziwa kalekale kuti simutha kusambira," anakuwa Fikile kupambana injini. "Wa kunyanja samanga jekete choncho."

A Elia anafunsa chifukwa chimene anawapatsirabe boti.

"Munthu woopa madzi sasiya bowo."

Apa ndi pamene bambo wa ku Ntcheu anaseka pakati pa damu, nauza kapitawo wake kuti aonjezere moto, aone ngati injiniyo ili ndi mawu ena.

Pobwerera boti linaima pafupi ndi mtunda, madzi a m'mawondo. A Elia, chimwemwe chitawazunguza mutu, anaponya mwendo kunja kuti adumphe ngati mmene anzawo amachitira. Phazi linatsala pang'ono kukhudza madzi.

"Abambo ake Thandizo! Masokosi!"

Mawu a Consolata anadzidzimutsa ngakhale abakha. Mwendo unaima m'malere, n'kubwerera pang'onopang'ono. Zaka zonse za girayinda zikanabwerera chifukwa cha phazi limodzi losangalala.

Wandile analowa m'madzi kuti adzagwire yekha masokosiwo, koma Fikile anamumenya padzanja, nati manja onyowa asayandikire. Fikileyo anawagwira yekha, nalengeza kuti ndi ouma, n'kukumbutsa kuti wina analonjeza zinazake. Chimunthu chija chinayang'ana kumtunda, kumene anzake anali atatulutsa kale mafoni. Chinati eish, n'kutembenuza msana.

Anatuluka m'damu la Vaal ali pamsana a Elia, miyendo atatambasula kutsogolo, masokosi akuwala, uku akumuuza Wandile kuti ayende bwino, katundu wanyamulayu ndi wa mtengo wapatali. A Consolata ankaimba nthungululu. Bwana anagwira phazi lamanja, nagwira lamanzere, nauza Fikile kuti girayinda aipezere munthu wina.

Mpaka pano a Elia akuwotcherera ku Midrand, ndipo kusambira sanaphunzire. Tsiku loyesa boti amakhala oyamba kukwera galimoto, masokosi ositasita ali m'thumba, ndipo asananyamuke amamufunsa Wandile, mwaulemu wonse, kuti msana wadzuka bwanji.