Anafufuta Chithunzi cha Bambo Anga

Situdiyo ina ya pa boma pano yafufuta chithunzi cha bambo anga. Bambowo tinawaika m'manda milungu itatu yapitayo.

Pepani, sindinazolowere kulemba pagulu. Zanga ndimalemba m'kabuku kanga basi. Koma izi muzimve.

Pa holide ndinalowa kalasi ya ongoyamba kumene kujambula, Loweruka lililonse 9 koloko m'mawa. Tsiku lina tinaphunzira za fulashi, nyale yowalitsa pojambula, yochotsa pa kamera. Aphunzitsi athu, omwenso ndi eni situdiyo, anati fulashi ikakhala pamwamba pa kamera nkhope imaphwatalala. Anati tiziiika pambali, pa kamtengo kachitsulo, kuwala kudutse mu ambulera yoyera. Aliyense anauzidwa kubwera ndi munthu woti amujambule.

Ine ndinabwera ndi bambo kuchokera ku Chia. Anali atayamba kale kutsokomola. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Atakhala pa mpando anayang'ana ambulera ija.

"Iwe Tamanda, kodi muno mumadontha?"

Kalasi yonse inaseka. Iwonso anaseka. Ine ndinadina pomwepo.

Ndinachiona pa kagalasi ka kamera. Mbali imodzi ya nkhope ikuwala, inayo ili mu mthunzi wofewa. Chipsera cha mbedza pa chibwano chikuoneka bwinobwino. Aphunzitsi anati chaposa zonse, ndipo adzatitumizira pa foni Lolemba. Lolembalo linadutsa. Ndinachita manyazi kukumbutsa.

Pa maliro amalume anakulitsa chithunzi cha pa chiphaso kuti chitsogole bokosi. Nkhope yakuda bii, maso ali tong'o. Titabwera kumanda mayi anachitembenuzira kukhoma.

Lachiwiri la sabata yatha ndinafika pa situdiyo 10 koloko. Mayi wa pa kauntala, maso ali pa foni, anati abwana apita ku Ngala, ndibwere Lachinayi. Lachinayi ndinajomba kusukulu. Ndinakhala pa benchi kuyambira 1 koloko mpaka 4:20. Aphunzitsi aja atafika anandifunsa kuti ndine ndani. Mwezi wathunthu m'kalasi mwawo!

Nditafotokoza anati khadi yosungira zithunzi ali nayo imodzi. Lachisanu lililonse amaifufuta kuti akajambulire maukwati.

"Zija zinali zongoyeserera, mwana iwe. Ubwere nawo bambo akowo, tiwajambulanso ulere."

Ndikawatenge kuti? Ndikawadzutse? Zongoyeserera kwa ndani?

Sindinanene zimenezi. Ndinapinda bondo, n'kunena zikomo. Zikomo imeneyo ikundiwawa mpaka lero.

Madamu a kompyuta kusukulu kwathu anandiuza kuti zofufutidwa nthawi zina zimabwezeka, koma chithunzi chatsopano chilichonse chimakwirira zakale. Anati ndikangopeza khadiyo ayesa. Dzulo ndinabwerera ku situdiyo, ndipo ulendo uno ndinawauza aphunzitsi aja kuti bambo anamwalira. Ndinapempha khadiyo tsiku limodzi lokha. Anati pepa, kenako anandifunsa ngati ndikufuna kuti iwo azijambulira chala.

Ndikatsinzina, ngakhale m'kalasi masana, ndimaona kuwala kuja kuli ng'ani. Ndimadikira nkhope. Sibwera. M'mawa uno ndimafuna kukumbukira ngati chipsera chinali kumanja kapena kumanzere. Ndalephera. Mayi sindingawafunse.

Inu amene mukufuna kulowa kalasi imeneyi, musatuluke pakhomo chithunzi chanu chisanalowe m'foni yanu. Manyazi muwasiye kunyumba.

Ndipo inu aphunzitsi, ndikudziwa kuti muwerenga. Munatiuza bwanji kuti tibwere ndi abale athu, mukudziwa kuti mudzafufuta? Kutichenjeza kukanakutengerani mphindi zingati?

Mayi wa pa kauntala anati Loweruka lino muli ndi ukwati ku Dwambazi. Akwatiwo sanandilakwire. Koma mukadzadina kamodzi, mwathira dothi lina pa bambo anga. Lero ndi Lachitatu. Khadiyo ndikuifuna lisanafike Lachisanu.