Kumbuyo kwa a Tembo kulibe munthu

Lamlungu lapitali ndinaima m'matope ku Finglas, kuno kudziko la azungu, mvula ikundilowa m'khosi, kuonera mpira wa ku America. Musandiseke. Inenso kale ndinkati ndi ndewu chabe ya anthu ovala zipewa za panjinga yamoto, mpaka a Tembo anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa.

A Tembo, dzina ndasintha, kwawo ndi ku Chipata. Amakhala ku Swords, ndipo chino chinali chaka chawo chachinayi akunyamula zikwama pabwalo la ndege. Kumapeto kwa mlungu amasewera m'timu ya anthu wamba, yopanda malipiro.

Tili m'galimoto popita, anandiuza ngati akunena za nyengo kuti ntchito inatha milungu itatu yapitayo. Chilolezo chawo chokhalira muno chinamangiriridwa ku ntchitoyo. Akapanda kupeza ina msanga, iwo, akazi awo ndi ana awiri akwera ndege. Kupatula akazi awo, sanauze munthu.

Ine ndinangowafunsa za mpira. Ndi mmene timachitira amunafe.

A Tembo ndi otchinga. M'masewerawa gulu lotchinga limakhala la anthu khumi ndi mmodzi, ndipo limaima mizere. Kutsogolo kuli zimphona, ntchito yawo ndi kugundana ndi zimphona zinzawo ndi kutseka mipata. Pambuyo pawo pali a maso akuthwa, oona ngati adani athamanga nawo mpira kapena auponya m'mwamba, ndipo wapakati ndiye amafuulira anzake chochita. M'mphepete muli aliwiro, okakamira anthu owakha mpira. Kumbuyo kwenikweni kumaima awiri otchedwa masefuti, amene amagawana bwalo pakati. Munthu akawadutsa amenewa, basi, wagoletsa.

Lamulo lawo ndi louma mtima: aliyense asunge dera lake. Ngakhale uone mnzako akugonja, usasiye pako, chifukwa adani amadikira pomwepo.

Kwa akatswiri a pa TV, wina akapweteka, wina amangovula jekete n'kulowa. Koma timu ya a Tembo ndi ya amisiri omanga nyumba, a magetsi, a mapaipi. Chiimireni ntchito zomanga, yakhala ikutha ngati sopo. Uyu wapita ku Australia, uyu ku Canada. Sefuti mnzawo, Declan wa mapaipi, anatsanzika mwezi watha. Ndiye kochi anawaimika a Tembo okhaokha kumbuyo, bwalo lonse n'lawo.

Anagwira, ndikunena zoona. Munthu wa zaka zoposa makumi atatu ankathamanga uku ndi uku, matope mpaka m'maso, ndipo mpaka chakumapeto timu yawo inali patsogolo pang'ono.

Kenako woponya mpira wa adani anachita ngati wapatsira wothamanga. Wapakati uja anaterereka n'kugwa chagada. A Tembo ataona mpata wotseguka anathamangira kutsogolo kukautseka. Linali bodza. Mpira unali udakali m'manja mwa woponya, ndipo unawuluka pamwamba pa mutu wawo kupita kudera lomwe anasiya. Anatembenuka, koma anangoona msana wa munthu.

Palibe anawadzudzula. Kochi anawasisita pachipewa n'kudutsa. Iwo anakhala pa udzu wonyowa nthawi yaitali, ndipo ine zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinadziwa kuti sakulira mpira.

Tili m'galimoto pobwerera, foni yawo inalira. Anali mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Mlamu wake wachotsedwa ntchito ku hotela, ndiye kodi a Tembo sangamunenereko kwa mabwana a ku eyapoti?

"Nizayesa, amai. Osadandaula, Mulungu alipo," anatero.

Atadula foni ndinawafunsa chifukwa chake sanamuuze zoona.

"Manje nikakamba kuti na ine nagwa, azathamangira kwa ndani?" anayankha, maso ali pamsewu.

Owerenga anzanga, pagulu lathu lililonse muno muli a Tembo. Ndi iwo amakatenga mlendo pabwalo la ndege. Ndi iwo amadziwa ofesi yoyenera pakagwa maliro, amakuperekeza kuchipatala, amakulembera kalata ya Chingerezi chosalala. Tinawaimika kumbuyo kwa tonsefe osawafunsa, ndipo chaka chino, pamene ntchito zikutha ngati masamba oyoyoka m'nyengo yozizira ya kuno, aliyense wa ife akuterereka nthawi imodzi. Iwo amathamangira uyu, amathamangira uyo. Dera lawo limatsala pululu.

Mwina mukuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndi zoona, akanatha kulankhula. Koma mwambi umenewu timaukonda chifukwa umatilola kugona tulo. Munthu amene tamuzoloweza kwa zaka kuti ndiye wolimba, tikuganiza kuti angayambire pati kunena kuti zandivuta? Kodi tinayamba tamupatsapo mpata? Moni wathu kwa iwo ndi waufupi, "muli bwanji" wongodutsira, pempho lili kale pamlomo.

Ndisaloze ena chala. Mukuganiza kuti ine wa ku Rathmines ndinakwera mabasi awiri kukafika kwawo, n'kukaima pamvula, chifukwa chokonda mpira wa ku America? Ayi. Ndikusamuka m'kachipinda kanga Loweruka, ndipo ndinkafuna galimoto yawo. Nditamva za ntchito ndinachita manyazi, pempho ndinalimeza.

Koma atanditsitsa pakhomo, anatsitsa galasi.

"Ba Banda, ninamvera kuti musamuka pa Satade. Nizabwera naini koloko, mabokosi yankhale okonzeka."

Ndinayenera kukana. Ndinayenera kunena kuti ayi achimwene, Loweruka ndibwera ine kwanu, tikhale pansi tilembe makalata ofunsira ntchito, tiimbire aliyense amene tikumudziwa. Mawu amenewa ndinali nawo, ndipo sanali olemera.

Ndinati zikomo kwambiri.

Mpaka lero ntchito sinapezeke. Tsiku limene adzanyamule zikwama zawozawo pabwalo lija, tidzadzaza basi kukawatsanzika, tidzaimba, ena tidzalira ndithu. Koma tiyankhe moona: tidzakhala tikulirira a Tembo, kapena tikulira kuti tsopano tiziimbira ndani?