Sopo Mmodzi, Nkhope Ziwiri

Lachiwiri m'mawa ndinapeza mwana wanga Misozi kuseri kwa nyumba, atadziphimba kumaso ndi chitenje. Ndinamuuza kuti avundukule. Masaya anali atatupa, khungu likusupuka.

"Wadzola chiyani?"

Anandionetsa kachubu kamene anagula pamsika ku Nangongwe. Chitsegukire malire, timachubu totere tadzaza pamatebulo, pambali pa salaula, zovala zakale zochokera kunja.

"Atate, pa Mande nili na intavyu ku shopu yanyowani ija. Nindani angalembe nchito munthu wa ziphuphu so?"

Ndinamukalipira. Kenako ndinamutengera kwa Amai Tembo, mnansi wathu amene anali namwino, kuti nawonso amukalipire. Anakalipira ine.

"Ba Phiri, kunyumba kwanu musamba na sopo bwanji?"

"Wochapira zovala, wautali uja. Ndimadula ndekha ndi mpeni."

"Nanga mafuta?"

"Botolo limodzi, tonse."

"Iye! Ndiye mlandu ni wa mwana?"

Anati nkhope ya Misozi imatulutsa yokha mafuta ambiri, ndipo mafuta olemera a m'botolo langa ankangowonjezera ziphuphu. Azisamba kumaso m'mawa ndi madzulo ndi sopo wofewa, asamakhule ndi chinkhupule, asamafinye ziphuphu, azidzola mafuta opepuka pang'ono chabe. Mng'ono wake Tiza, amene ndimamunena kuti ndi wotuwa chifukwa cha ulesi, khungu lake ndi louma. Iye sopo kumaso kamodzi patsiku, ndipo azidzola nkhope isanaume. Padzuwa, onse awiri chipewa. Kachubu kaja, kuchimbudzi.

Ine ndinalekeza sukulu ku pulayimale, koma choona ndimachimva chikanenedwa.

Ife tinakula ndi sopo wa mtundu umodzi, ndipo tinkamuimira pamzere. Kufakitale tinkavala ovololo yofanana, kudya zofanana. Fakitale inatichotsa, mizere inatha. Lero mashopu adzaza, koma ndani anaphunzitsa ana athu kusankha? Kholo likangoti "dzola zimene ndagula," mwana amakafunsa wogulitsa pamsika. Kodi wogulitsa angamuuze kuti usagule?

Ena mwa inu mukuti mwamuna wamkulu asamalembe za nkhope. Nanenso ndinkatero. Koma zala za dzanja limodzi sizilingana, ndipo ine ndinalera ana awiri ngati chala chimodzi.

Lero ndi Loweruka. Kutupa kwaphwa. Ziphuphu zikadalipo, ndipo Amai Tembo ati zimenezo zimafuna masabata, osati masiku. Koma chitenje chija chabwerera m'chiuno. Misozi wasita kale bulauzi yake ya Lolemba.

Dzulo ndinakhoma kathabwa m'bafa. Pali sopo wa Misozi, sopo wa Tiza, ndi chidutswa changa chochapira. Tiza anaseka.

"Atate, imwe simuzachinja?"

"Nkhope yanga inamaliza kale za maintavyu," ndinatero.

Bambo mnzanga, usanadule sopo mawa, unayamba wayang'anitsitsa nkhope ya mwana wako?