ASilasi ndi Bokosi la Mabuku la ku Tete

ASilasi Bernardo anabadwa pa 9 Fevereiro 1938, anamwalira pa 2 Maio 2009. Anali alamu anga, achimwene awo a malemu amuna anga. Ntchito yawo inali yokhoma ndowa ndi kumata mapoto obooka, koma kuno ku Chifunde palibe amene amawatama chifukwa cha ndowa. Ndowa zawo zinkadontha. Munthu sangamate bwino poto diso lina lili pa buku.

Shikola anaphunzira ku mishoni, analekera kalasi yachinayi, koma Chipwitikizi anachigwira kuposa ena amene tinapitirira. Ankawerenga chilichonse chimene chawagwera m'manja: mabuku a nkhani, kalendala ya chaka chatha, kapepala ka m'botolo la mankhwala, ngakhalenso buku la matenda a ng'ombe, pomwe iwo analibe ndi thole lomwe.

Loweruka pa 6 Setembro 1986, nkhondo ili m'kati, tinamva kuti anthu a mfuti akusecha m'nyumba kumudzi woyandikana nafe, ndipo aliyense wopezeka ndi mabuku akumutenga ngati pulofesoli, ndiye kuti mphunzitsi, kapena munthu wa boma. Ine, poti ndinalidi pulofesoli, ndinatentha anga onse tsiku lomwelo. ASilasi zinawakanika. Anang'amba zikuto ndi masamba oyambirira, pamene pamakhala dzina la buku, la mlembi ndi chidindo cha shikola, n'kutentha zimenezo. Zotsalazo anazikulunga m'thumba n'kuzikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga. Anati akafunsidwa adzanena kuti ndi mapepala opichirira fodya. Fodyayo sankasuta n'komwe.

Mabukuwo anali makumi awiri ndi atatu. Pamene tinkathawira ku vila, katawuni ka boma, pa 18 Abril 1988, akazi awo aAurora anasenza mapoto ndi mphasa, iwo anasenza thumba lija. Pakupita kwa zaka maina enieni a mabuku anawaiwala, anatsala ndi maina amene anawapatsa okha: la mkazi wa dzino lagolide, la sitima yomira, la ng'ombe. Lililonse analibwereza koposa kakhumi, nthawi zambiri mokweza, akumasulira m'Chinyanja, mpaka aAurora, amene sankadziwa kuwerenga, anayamba kuwakonza akadumpha tsamba. Chimanga chinkasowa, mchere unkasowa, koma chimene aSilasi ankadandaula chinali buku latsopano. Pafupifupi mwezi uliwonse ankabwera kudzandifunsa ngati ndinatenthadi onse.

Lachinayi pa 11 Julho 1991 kunafika koluna, mzere wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kuchokera ku Tete. Pamodzi ndi matumba a ufa kunatsika bambo wina wa nsapato zopukuta, dzina lawo aSamuele, otumidwa ndi gulu la mpingo. Anabwera ndi bokosi lamatabwa lokhomedwa misomali, m'kati mwake mabuku atsopano makumi anayi. Anati bokosilo alisiya pamalo pamene apeze munthu wowerenga weniweni woti alisunge. Akapanda kumupeza, likwera nawo Lolemba kupita kwina.

Anthu onse analoza aSilasi. Ine ndinawaperekeza. Tinawapeza aSamuele pa khonde la kapela, katchalitchi kathu, atakhalira bokosilo. Atapatsana moni, anatulutsa m'thumba la malaya tsamba la jolonali, nyuzipepala ya ku Maputo, lopindapinda. Pa tsambalo panali maina a mabuku asanu amene ankalimbirana mphotho chaka chimenecho. Anati munthu wokonda mabuku sangalephere kuwadziwa, ku Tete ngakhale ogulitsa makala akukangana za amene apambane. Anawerenga mainawo limodzi limodzi, akuyang'ana aSilasi pa dzina lililonse.

Loyamba, aSilasi anayang'ana pansi. Lachiwiri, anakanda bondo. Sanamvepo ndi limodzi lomwe, ndipo zinali zosatheka kuti amvepo: wailesi yawo inatha mabatire mu 1985. ASamuele anayamba kupinda tsamba lawo, dzanja lina likusisita bokosi ngati akuliuza kuti ulendo ukadalipo. Pamenepo anatchulanso lachitatu, limene m'Chinyanja tingati Njinga ya Mlamu, n'kunena kuti limeneli lokha munthu akapanda kulidziwa ndiye kuti basi.

“O, limenelo,” anatero aSilasi. “La njinga lija.”

Ndinawayang'ana. Iwo sanandiyang'ane. ASamuele anafunsa kuti analiona bwanji, ndipo alamu anga anakonza pakhosi n'kuyamba. Anati m'bukumo muli mwamuna wina amene anabwereka njinga ya mlamu wake kuti akaone maliro, n'kukaisinthanitsa ndi nkhumba. Pobwera ananena kuti njinga yatengedwa ndi madzi powoloka mtsinje. Mlamuyo anamukhululukira, mpaka tsiku lina anakumana ndi njinga yake ku msika ikuyendetsedwa ndi mwini nkhumba. Nkhaniyi ine ndinkaidziwa bwino. Njingayo inali ya amuna anga, wobwereka anali mchimwene wanga Marko, ndipo zinachitika mu Agosto 1974. ASilasi anangowonjezamo mkazi wa dzino lagolide ndi mkuntho wa m'buku la sitima.

Ndinkadikira kuti aSamuele adzuke n'kusenza bokosi lawo. M'malo mwake ankagwedeza mutu. Pofika pa mtsinje anatseka maso.

“Pamenepo ine ndinalira,” anatero. “Mlembi ameneyu amadziwa madzi.”

ASilasi anavomereza kuti inde, amadziwadi madzi. ASamuele anakondwa. Anapempha kuti Lamulungu mapemphero akatha aSilasi afotokozere anthu onse bukulo, kuti anthu aone ubwino wa kuwerenga, ndipo pomwepo adzatsegula bokosi.

Pobwerera kunyumba ndinawafunsa kuti bodza limeneli akaulula kwa yani, poti wansembe tinali tisanamuone chaka chathunthu. Anati si bodza kwenikweni, mwina bukulo likunenadi zomwezo, alamu ndi ofanana kulikonse. AAurora atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati akakamba Lamulungu asaiwale kuti nkhumbayo inali ya diso limodzi, ndipo anawakumbutsa zina zimene Marko anachita zomwe ngakhale ine ndinali nditaiwala. Lachisanu ndi Loweruka aSilasi sanamate poto ndi limodzi. Ankangoyendayenda kuseri kwa nyumba akulankhula okha.

Lamulungu pa 14 Julho anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango wa pa kapela. ASilasi anakamba kwa maola awiri. Ndawamvapo alaliki ambiri, koma sindinaonepo anthu anjala atakhala phee chonchija. Akuluakulu ena amene ankamudziwa Marko ankagundana zigongono, akunong'onezana kuti kodi a ku Maputo anaimva bwanji nkhani imeneyi. Marko mwiniwake anali ku Zambia, sakanatha kudziteteza. ASamuele anakhala kutsogolo, nthawi ndi nthawi akutembenukira anthu n'kunena kuti mvetserani, pakubwerapa ndiye pabwino.

Nkhani itatha, aSamuele anabwereka hamala ya aSilasi yomwe n'kuzula misomali. Fungo la mapepala atsopano linatuluka. Alamu anga anasendera pafupi. Pamwamba penipeni panali buku lopyapyala la chikuto chachikasu, ndipo mtsikana wina wa kwaya amene ankadziwa zilembo anawerenga mutu wake mokweza. Linali la njinga lija. ASamuele sankadziwa zimene anyamula. Bokosilo analilandira lokhoma kale.

Anthu anaombera m'manja n'kupempha kuti liwerengedwe pomwepo, makamaka pa nkhumba. Poti aSilasi mawu anali atasasa, analipereka kwa ine, pulofesoli wakale. Ndinatsegula. Mizere yake inali yaifupiifupi, pepala lambiri loyera. Zinali ndakatulo. Ndinayang'ana aSilasi, ndinayang'ana aSamuele, ndipo onse awiri ankandiyang'ana ngati ana amene aswa mphika wa eni. Ndikanatha kunena kuti magalasi ndawaiwala. Koma Marko ndi mchimwene wanga, ndipo maola awiri omuseka pagulu ndi ambiri.

Ndinawerenga tsamba loyamba n'kumasulira. Linkanena za munthu woima pa zenera mumzinda, akuyang'ana mvula, akukumbukira mayi ake. Lachiwiri mvula inkagwabe. Mayi wina anafunsa kuti nanga nkhumba ilowa liti. Ndinatembenuza masamba mpaka kumapeto n'kunena kuti nkhumba mulibe, mtsinje mulibe, njinga yatchulidwa kamodzi, itatsamira khoma.

ASilasi anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Abale anga, buku ili sindinaliwerengepo. Onse asanu aja sindinawamvepo. Ndinkafuna bokosili, n'chifukwa chake ndinanama.” Kenaka anatembenukira mlendo mwaulemu wonse. “Koma aSamuele, mundithandize. Inu munalira pa tsamba liti?”

Woyamba kuseka anali aAurora, ndipo anthu onse anatsatira. ASamuele anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka ananena kuti ntchito imawachulukira, mabuku otere amawadziwira m'jolonali, ndipo ku Tete anthu ambiri amatero. Ananenanso, mawu ali pansi, kuti sakuona chifukwa chopitira patali ndi bokosi lolemera chonchi, misewu yake yoopsayi. Anthu anavomereza kuti misewu ndi yoopsadi. Bokosi linanyamulidwa ndi anthu anayi kupita kwa aSilasi, iwo akuyenda pambuyo ngati operekeza mkwatibwi.

Mabuku makumi anayiwo aSilasi anawamaliza pa 3 Novembro chaka chomwecho, n'kuyambanso. Ankabwereketsa kwa aliyense wosamba m'manja, kupatula osuta fodya. Mwa asanu aja m'bokosimo munali atatu. La njinga ankati ndi labwino ndithu, kungoti mlembi wake anataya mwayi. Limene linapambana mphotho sitinamve, ndipo sitinafunse.

Koma ndibwerere ku Lolemba pa 15 Julho, m'mawa koluna ikunyamuka. Ndinali pamsewu ndi alamu anga pamene aSamuele anatsikanso m'galimoto n'kuwakokera pambali. Ndinaganiza kuti asintha maganizo, ndipo aSilasi anaganiza chimodzimodzi, chifukwa nkhope yawo inagwa. ASamuele anatulutsa kabuku ndi lapizi yolembera. Anati ku Tete kuli anzawo awiri amene amakonda kukamba za buku limeneli pa chakudya, ndipo iwonso akufuna kuponyapo mawu.

“Tandibwerezerani pa mtsinje paja, achimwene, pang'onopang'ono. Nkhumbayo munati inali ya diso liti?”

ASilasi anati lakumanzere. ASamuele analemba.