Amake Mazira

Mumsewu mwawo akazi onse ankaitanidwa ndi maina a ana awo, amake uje, amake ujeni. Iye yekha anachita kum'pekera dzina loti Amake Mazira. Ankaseka nawo, nanga akanatani? Koma mumtima ankalakalaka tsiku lina ataitanidwa ndi dzina la mwana weniweni, wodetsa makoma ndi wolira usiku.

Dzinalo linachokera kuntchito. Ankagwira m'labu ya chipatala chothandiza mabanja osowa ana, m'kachipinda kopanda zenera, kowala mwachizimezime. Mmenemo dzira la mayi amalikumanitsa ndi mbewu ya bambo m'kambale, n'kuliika m'kabati yofunda ngati thupi la munthu. Mafuta onunkhira anasiya kalekale, poti fungo limapweteka miluza, timazira tongoyamba kumene kukula. Apongozi ake ankadandaula, "Mkazi wanji wosadzola ndi kaperefyumu komwe?"

M'mawa uliwonse ankatulutsa timbale n'kusuzumira pa maikulosikopu. Dzira lija, lomwe limayamba lili selo limodzi, likakhala lamphamvu limadzimanga m'chiuno n'kukhala awiri, awiriwo anayi, anayiwo asanu ndi atatu. Lina limangoima, zii, osapereka ndi chifukwa chomwe. Akaona, ankaimbira foni eni ake, ndipo apa anali ndi njira yakeyake. Uthenga ukakhala wabwino sankataya nthawi ndi moni, ankangoti, "Mayi, wagawikana!" Ukakhala woipa ankayamba wafunsa, "Muli pabwino poti tilankhule?" kuopa kuti munthu angagwe pamsika kapena m'basi. Mnzake wa m'labumo anatengera njira yomweyo kwa iye.

Zaka zinapita akulerera ena. Tsiku lina amuna ake, a dalaivala osayankhulayankhula, anati, "Amayi, mmisiri wa mipando n'kumakhala pansi, zoona? Nafenso tiyese."

Anayesadi. Majakisoni anam'tupitsa mimba, koma zaka zinali zitam'thawa. Adokotala anapeza dzira limodzi lokha, nanena mosabisa kuti lina mwina sadzalipezanso. Ndiye lamulo la pantchitopo linali lakuti wako sumuyang'ana wekha. Anam'tumiza kunyumba, kambale kake n'kutsala m'manja mwa mnzake uja.

Abale, kudikira n'kowawa! Anachapa makatani oyera kale. Anasesa pomwe anasesa. Maso ali pakhoma, mtima uli pashelefu yapamwamba m'kabati muja, pomwe ankadziwa kuti kambaleko kakhala.

Foni yoyamba inalira akutsuka makapu.

"Asisi, wagawikana!" anakuwa mnzakeyo.

Kapu inagwa, phwaa! Anavina m'khitchini sopo ali m'manja. Madzulo ake anatsegula chipinda chomwe ankasungiramo matayala akale ndi makatoni, n'kuima pakhomo nthawi yaitali, akuyeza ndi maso pomwe kabedi kangakwane.

Foni ina inalira m'mawa wina, amuna ake atagwira kale makiyi a basi.

"Asisi, mwadzuka bwanji?" Anali mnzake uja. "Muli pabwino poti tilankhule?"

Mawu ake omwe, amene anauza amayi ambirimbiri, anam'bwerera. Anakoka mpando.

"Ndili pabwino, mnzanga. Ndakhala kale pansi. Anafika pa maselo angati?"

"Anayi, asisi. Kenako anaima. Ndadikira, ndayang'ananso, palibe."

"Anayi," anabwereza. "Ndiye kuti anayesetsa."

Misozi inatsika, osaipukuta. Amuna ake anaika makiyi patebulo mwakachetechete. Iye ankadziwa bwino zomwe zimachitikira kambale kotero ikafika nthawi yokonza m'labu, poti ankazichita yekha ndi manja akewo.

"Usakachotse kaye," anauza mnzakeyo. "Lamulo lija lathera pomwepa. Ndikubwera."

Anasamba m'manja mpaka m'zigongono monga ankachitira popita kuntchito, kenako anatola makiyi aja n'kuwapatsa amuna ake.

"Tiyeni, bambo. Ana a eni ake ndawaona onse. Wathuyu sitinamuonepo."