Tsiku limene ndinathawira kwa Apwitikizi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Lizulu. Kwathuko msewu waukulu ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambiki, komwe masiku amenewo tinkangoti kwa Apwitikizi. Ndinali mwana wosakhazikika, wa dzanja lofulumira. Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinamenya mnzanga Filipo ndi sileti pachipumi, magazi n'kuyenderera mpaka pakolala. Ndinadziwa kuti sukulu yandithera. Ndinathamanga, kudumpha msewu, n'kukakhala pamwala pafupi ndi amayi ogulitsa kachewere.

Amene ananditsatira anali Bambo Lukasi, wansembe wa ku Falansa woyang'anira sukuluyo.

"Kuno si dziko lanu, Bambo!" ndinakuwa. "Simungandigwire!"

Amayi aja anafa nalo phwete. "Mwana wa ndani ameneyu? Wasanduka Mpwitikizi yunifolomu ili m'thupi!"

Bambo anawoloka mosafulumira, fumbi likudetsa mkanjo wawo woyera, n'kukhala pambali panga. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi katawuni ka kwawo: kamtsinje kodutsa pakati pa nyumba, tchalitchi cha miyala yofiira, linga lakale logumuka, minda ya mphesa m'mbali mwa phiri. Kuseri kwa phirilo anaikako kamwala kosonyeza malire.

"Uku ndi Falansa, uku ndi Jeremani. Mayi anga anasintha dziko katatu osachoka pakhomo pawo. Asilikali ankabwera, kusintha mbendera, kusintha mayina a misewu. Koma mkulu wanga amene anafera kunkhondo sanadzuke chifukwa choti mbendera yasintha." Anafufuta zonse ndi phazi. "Filipo akutulukabe magazi. Tiye ukapepese kwa mayi ake, ine ndikuperekeza. Ukakana, kusukulu usabwerenso."

Miyendo inkandiuza kuti ndithawire kumapiri. Ndinayang'ana uku ndi uku, kenako ndinawatsatira. Mayi a Filipo anandikalipira mpaka mawu kuwauma, ndipo ndinawatungira madzi mwezi wathunthu. Sukulu ndinapitiriza.

Tsopano ndimakhala ku Leicester, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, ndipo chimwalirireni mkazi wanga chaka chatha, kusakhazikika kuja kwandibwerera. Ndikaweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndimazungulira misewu ya Spinney Hill, kudutsa mabutchala ndi timagolosale, kungoti ndichedwe kulowa m'nyumba. Ndinafunsirapo ntchito ku mzinda wina, ku Derby. Ndinaganizapo zobwerera kumudzi. Nditamuuza mwana wanga wamkazi, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Adadi, si Leicester mukuthawayo ayi. Ndi zovala za amami zili muwadiropu zija."

Ankanena zoona. Ndazindikira mochedwa kuti munthu akhoza kusintha mzinda, ngakhale dziko, koma chimene akuchiopa chimangomudikira mpaka abwerere kukachiyang'ana. Lamulungu lapitali, nditachoka ku Misa, ndinatsegula wadiropu ija. Madiresi ankanunkhirabe sopo wake. Ndinapemphera pang'ono, ndinakhala pabedi, n'kuyamba kupinda imodziimodzi.