Munda Umene Amayi Anauthirira Mpaka Kuutaya

Ife kwathu ndi ku Mabvuku. Ndikatero anthu amaseka, amati ayi, tikufunsa kumudzi kwenikweni. Ndiye ndiwayankhe kuti chiyani? Agogo anga aamuna anafika kuno kudziko la Ashona wapansi kuchokera ku Dedza, amayi anabadwira pafamu ya fodya, ine ndinabadwira m'tauni muno, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene ndikukhalamo mpaka lero. Anzathu achishona ali ndi kumusha, kumudzi kwawo, kumene amapita pa tchuthi n'kubwerako ndi matumba a chimanga pamwamba pa basi. Ife tikakwera basi banja lonse, ndiye kuti kwagwa maliro ku Glen Norah, dera lina la m'tauni momwemuno.

Mudzi wathu unali munda wa amayi, m'mphepete mwa dambo, kuseri kwa nyumba zomalizira, kukafika pamiyala ikuluikulu. Malowo anali a khonsolo, aliyense ankadziwa, koma amayi anayamba kuwalima ali ndi pakati pa ine ndipo palibe anabwerapo kudzawafunsa. Bambo atamwalira, mundawo ndiwo unatilera. Ine ndimasoka maovololo pafakitale ina ku Southerton, makombi, timabasi tating'ono tija, awiri popita, awiri pobwera, ndipo ntchito yake ndi ya sabata ino ilipo, sabata yamawa khalani kaye kunyumba. Ana anga awiri anakula ndi chimanga, maungu ndi mbatata za kudambo. Munda uja sunali wongotayitsira nthawi, unali mimba zathu.

Chaka china mvula itavuta, kunabwera anthu a pulojekiti. Anatisonkhanitsa muholo ya tchalitchi, tonse olima kudambo. Amene ankayankhula anali bambo wina wachinyamata, waulemu wake ndithu, akusakaniza Chishona ndi Chingerezi. Anati nyengo yasokonekera chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a dziko lonse lapansi. Anati boma lathu linalonjeza kwa maiko ena kuti nalonso lichepetsa mpweya woipa, ndipo maiko olemera, amene anadetsa kumwamba kwambiri, avomera kupereka ndalama. Njira imodzi inali kubzala mitengo, chifukwa mitengo imamwa mpweya woipawo. Dambo lathu linali litasankhidwa. Aliyense alandira mbande, azibzala m'munda mwake, ndipo apitiriza kulima pakati pa mizere mitengo ikadali yaing'ono.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinaimika dzanja.

"Nanga mitengoyo ikakula, tizilima pati?"

"Zimenezo tidzakambirana nthawi yake ikakwana, mayi," anatero.

Ndinakhala pansi mtima ukuwira. Utsi wake uti umene ife tatulutsa? Magetsi kwathu amabwera ngati mlendo, galimoto tilibe, ngakhale njinga. Wina kutali uko adye nyama, mbale titsuke ife. Koma ndinaona amayi pambali panga akumwetulira, manja atapinda pachifuwa monga amachitira ulaliki ukawafika pamtima, ndipo ndinadabwa.

Pobwerera tinayenda ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe, Mshona wa ku Murehwa, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri, amenenso munda wawo unachita malire ndi wathu. Iwo anaiona nkhaniyi msanga. Anayankhula chapansipansi m'Chishona, kuti mbandezo tilandire ndi manja awiri, tibzale, tithokoze, kenako tisiye dzuwa ligwire ntchito yake.

Amayi anaima panjira.

"Ndiphe mtengo dala? Ine?"

"Simupha inu ayi, asikana. Mungoiwala kuuthirira."

Amayi anangopitiriza ulendo. Titafika kunyumba ndipo anandimasulira zimene zinali mumtima mwawo. Bambo awo anawaphunzitsa lamulo la kwawo ku Dedza: munthu wobwereka munda amabzala chimanga, nyemba, mtedza, zinthu zokolola n'kuchoka. Mtengo sabzala. Wobzala mtengo wadzibzala yekha pamalopo, ndipo eni nthaka akakulola kubzala mango, ndiye kuti akupatsa malowo mpaka kwa zidzukulu zako. N'chifukwa chake zaka zonsezo amayi sanaikepo ngakhale gwafa m'munda muja. Ankadziwa kuti ndi obwereka.

"Lero boma lenilenilo landipatsa mtengo m'manja, lati bzala," anatero. "Sukumva kodi? Atiwerengera, mwanawe. Akuti malo aja ndi anga."

"Amayi, kuno si ku Dedza. Anthu awa sakudziwa n'komwe za lamulo lanulo."

"Lamulo la mtengo ndi limodzi kulikonse. Iwe sukulu inakusokoneza mutu."

Ndinalimbana nawo mpaka mawu anga anasasa. Koma mukanawaona nkhope yawo. Munthu amene moyo wake wonse amutchula mlendo m'dziko limene anabadwiramo, tsiku limenelo ankayenda ngati wapatsidwa ufumu. Ndinawasiya, mtima uli m'mwamba.

Mbande zinabwera: mikuyu, mithethe, ndi mbawa zingapo. Anthu onse anabzala, anajambulidwa zithunzi, analandira kangachepe kogulira sopo. Mvula itatha, ntchito yeniyeni inayamba, ndipo inayamba kwa amayi okha.

Amene sanakhalepo ku Mabvuku sangamvetse kuti kuthirira mtengo kumatanthauza chiyani. Mipopi yathu inauma kalekale, ana anga amaiona ngati chokongoletsa khoma. Madzi timakatunga kumjigo, pamzere wa ndowa wokhota mpaka kuseri kwa magolosale, ndipo pamzerepo anthu amatukwanizana ngati si a mpingo umodzi. Amayi, ndi msana wawo wovuta uja, ankaima pamzerewo kawiri: koyamba madzi a pakhomo, kachiwiri a mitengo. Madzi otsukira mbale, ochapira, osambira ana, onse ankathera m'chigubu chopita kudambo. Mtengo uliwonse anautchinga ndi minga, anauthira manyowa a nkhuku, anauphimba ndi udzu patsinde.

Tsiku lina la mwezi wa Okutobala ndinabwera kuntchito thukuta lili kamukamu, n'kupeza mgolo wathu wa madzi akumwa uli gwa, wouma. Ndinapsa mtima.

"Amayi, adzukulu anu amwe chiyani? Mikuyu ndiyo yakhala ana anu tsopano?"

"Ana amatha kulira akamva ludzu," anandiyankha osatembenuka n'komwe. "Mtengo umangofa chete."

Ndinatola ndowa n'kupita kumjigo ndikung'ung'udza njira yonse.

M'minda ina mitengo inkafa, ndipo inkafa mwaulemu. Ena ankangoikoka pang'ono kuti mizu iduke n'kuisiya ili chilili. Ena, ndinamva, ankathira madzi a mchere. Mayi oyandikana nafe aja sanachite chilichonse, monga ananenera, ndipo dzuwa linawagwirira ntchito. A pulojekiti anabweretsa mbande zina, nazonso zinatsata zinzake. Pamapeto pake anagwedeza mitu, nati mbali imeneyo nthaka yakana.

Koma m'munda mwa amayi munachita kubiriwira. Pofika dzinja lachitatu mitengo inali itandipitirira msinkhu. Bambo wa pulojekiti uja ankabwera kawirikawiri ndi chingwe choyezera, kukulunga patsinde, kulemba, kujambula. Ankawaitana amayi kuti gogo, ankawagwira dzanja ndi manja awiri. Chimanga pansi pa mthunzi chinayamba kuonda, koma amayi sanadandaule. Ankati akadulira nthambi zam'munsi zonse zikhala bwino, chachikulu malo ndi athu tsopano. Ankauza ngakhale ana anga kuti mbali ya kumiyala idzakhala ya wamkulu, ya kumadzi ya wamng'ono. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika Loweruka lina mvula isanayambe, ndi lole yodzaza mapolo achitsulo ndi waya. Ndinali pakhomo, ndipo mwana wanga ndiye anabwera akuthamanga kudzatiuza. Tinapeza akumba kale maenje kuzungulira munda wa amayi ndi timinda tina tiwiri ta okalamba anzawo amene mitengo yawo inapulumukako. Minda ya onse amene anapha mitengo inatsala kunja.

Amayi anaomba m'manja. Anaganiza kuti boma likuwamangira mpanda.

"Mwachita bwino, bambo," anauza wa pulojekiti uja. "Akuba chimanga anatitopetsa. Nanga kiyi wa pageti mundipatsa lero?"

Munthu uja anandiyang'ana ine, ngati ndimuthandize. Sindinamuthandize. Kenako anafotokoza pang'onopang'ono. Anati ndalama za maiko akunja zimabwera pokhapokha pamene mitengo yaima, ndipo iyenera kuima zaka zambiri osasokonezedwa. Khasu limadula mizu, moto wa mapesi umawaula makungwa, choncho malamulo a ndondomekoyi salola kulima m'kati mwa mpanda. Kiyi asunga mlonda.

"Koma ndabzala ndine," anatero amayi.

"Inde gogo, ndipo tikukuthokozani kwambiri. Popanda inu pulojekiti ino ikanagwa."

"Ndabzala ndine," anabwerezanso, motsitsa mawu, ngati munthuyo sanamve bwino Chishona chawo.

Ine ndinayankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera mkazi wa chigwirizano cha amayi a mpingo. Ndinamukumbutsa funso langa la muholo, ndi yankho lake loti tidzakambirana. Anati nayenso si amene amapanga malamulo, amachokera kumwamba, ndipo akumwambawo amawatenga kwa eni ndalama. Ndikukhulupirira kuti sankanama. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti panalibe munthu woti n'kumugwira pakhosi. Aliyense anali wotumidwa.

Patapita miyezi ingapo anatiitana kuti kukubwera alendo ochokera kunja, akufuna kuona gogo amene anasamala mitengo. Ndinati tisapite. Amayi anati tipita, mwina eni ndalamawo ndi anthu omva. Anavala chitenje chawo chatsopano, mlonda anatitsegulira geti, ndipo analowa m'munda mwawo koyamba chitsekereni. Udzu unali utameramo mpaka m'mawondo, mizere yawo yakale ikuonekabe pansi pake.

Mwa alendowo munali mayi wina wa imvi, wa nkhope yachifundo. Anawagwira amayi dzanja nawafunsa mmene akumvera poona nkhalango yawo. Womasulira ndinali ine.

"Uwafunse kuti ndilime kuti," anatero amayi m'Chichewa.

Ndinamasulira monga ananenera, osachotsa kapena kuwonjezera. Mayi uja nkhope inagwa. Anatembenukira kwa a pulojekiti, anayankhulana mwachangu, kenako anandiuza kuti iwo anauzidwa kuti malowa anali opanda ntchito, ndipo kuti nkhani ya malo ili m'manja mwa boma lathu, osati mwawo. Anati akaifotokoza kwawo. Mwina anakaifotokozadi. Ife sitinamvenso kanthu. Titatuluka, mlonda anakhoma geti kumbuyo kwathu.

Dzinja limenelo amayi sanalime, koyamba chibadwire changa. Tinafunafuna malo ena, koma kudambo kulibe kachidutswa kopanda mwini, ndipo munthu wa zaka zawo sangakayambe kuswa mphanje kumiyala. Mvula ikamagwa ankakhala pakhomo n'kumayang'ana madzi akutsika padenga. Ufa tinayamba kugula wa m'timapepala pagolosale, wa tsiku limodzi, ndipo masabata amene fakitale yatiimitsa tinkadya kamodzi. Mitengo ija, kunena zoona, ndi yokongola. Ukamatsika kombi umaiona patali, mbalame zabwerera, ndipo ena amati pafupi ndi mpandawo kumazizira bwino. Sindidana nayo. Koma ndikamva pawailesi akuluakulu akunena za ndalama za nyengo zimene dziko lathu lalandira, ndimatseka, chifukwa ndikudziwa msana umene unasenza madzi ake.

Nthawi yokolola itakwana, madzulo ena kunja kukadali kowala, tinamva odi pakhomo. Anali mayi oyandikana nafe aja, atasenza dengu la chimanga chouma cha m'munda mwawo, umene anaulima mpaka kukagunda waya. Sanabwere kudzanyada ayi. Anatula dengulo mwakachetechete, maso ali pansi, nati n'kachepa, ana akazingeko.

Amayi anga, amene zaka zonse ndiwo ankatumiza chimanga kumaliro alionse a mumsewu wathu, anadzuka pampando movutika. Anagwada, anaomba m'manja mwa Chishona, nathokoza ndi mawu onse oyenera. Anawaperekeza mpaka pageti, akufunsana za miyendo ndi za adzukulu.

Atabwerera anaima pafupi ndi dengu lija osalikhudza.

"Kaike kuchipinda kwako," anandiuza. "Ana adye. Ine usandipatseko."